Thireyi ya Pijo ya Bambo

Alinesi atatsegula boneti ya Pijo ya malemu bambo ake ku galaja kwa a Nasoni, anapeza thireyi yokhazikapo batire itadulidwa mbali imodzi. Anali ataisakasaka miyezi inayi m'magalimoto akufa ku Old Town asanaipeze, ndipo ina yotere kunalibenso.

"A Nasoni, mwaitani thireyi yanga?"

Makanikoyo anapukuta manja. "Batire la masiku ano ndi lalikulu, mayi, silimalowa. Ndangochepetsako pang'ono."

Chitsulo chopanira batire chinali m'fumbi. Batirelo anali atalimanga ndi malegeni.

"Osangogula laling'ono bwanji?"

"Magalimoto onse timatero."

Alinesi anatola chidutswa chodulidwacho, chikadali chofunda, n'kumufumbatitsa makanikoyo.

"Wotchererani pomwe mwachidulapo. Mpaka mumalize, muno simutuluka galimoto."

Anakoka tayala n'kukhala pakhomo penipeni pa galaja.