Matayala a Alendo

Mayi wina analowa pageti la kampani ya mathiraki m'mawa, fumbi lisanadzuke. Nsapato zafulati. Chikwama chakuda m'khwapa. Moni wake unali waufupi.

"Ndikufuna kuona ziphaso za thiraki yofiira ija."

 Mphekesera inali itazungulira makampani onse a mathiraki: boma latumiza woyendera magalimoto watsopano, ndipo sadya za munthu. Mlonda anathamangira kwa kapitawo.

"Bwana, afika aja!"

Kapitawo sanatekeseke. Alendo otere anawazolowera. Kampaniyi inali ndi mathiraki ambiri, koma matayala abwino anali a thiraki imodzi basi. Ankakhala kuseri kwa galaja, atafunditsidwa lona. Amakaniko ankawatcha matayala a alendo, ngati mbale zija zotuluka pokhapokha kukabwera apongozi. Woyendera akaloza thiraki, ankamukhazika mu ofesi. Kuseri majeke ali kalikiliki. Akatuluka pageti, matayala ankabwerera pansi pa lona, thiraki n'kuvalanso ake akale, osalala ngati dazi.

Kapitawo anatsinzinira makaniko wamkulu. "Yofiira. Ndi mabuleki omwe."

Mu ofesi munkanunkha dizilo. Fani inkangozungulitsa kutentha. Kapitawo anapukuta mpando ndi chipewa chake.

"Takulandirani, mayi. Kachakumwa kozizira?"

"Ndamwa kwathu. Ziphaso."

Anaziyala patebulo. Mayiyo anawerenga mosafulumira, chala chikuyenda pamzere.

"Nambala iyi chaka chatha inali pa thiraki yoyera."

"Tinangopenta, mayi."

"Penti yanu ndi yamphamvu. Imatalikitsa ndi thiraki yomwe." Sanaseke. "Yachita ngozi kangati?"

"Ngozi? Kungokhula pang'ono."

"Dalaivala wake wakale ali kuti?"

"Anasiya ntchito."

"Anasiya ntchito, kapena anasiya mwendo pamtsetse wa kumalire?"

Kapitawo anayang'ana fani. Mtsetse umenewo aliyense amaudziwa. Msewu umatsika phiri mokhotakhota, mbali ina thanthwe, mbali ina phompho. Thiraki yofiirayo inali yoti itsike pomwepo lero, itasenza simenti mpaka kukhosi.

Kuseri masipanala analira kwa nthawi ndithu. Mayiyo sanafunse za phokosolo. Phokosolo litangoti zii, anaimirira.

Thiraki inali itaima pakati pa bwalo ngati mkwatibwi. Matayala akuda bii, mano ake akuthwa. Pambali pake panaima dalaivala watsopano, amene anali asanathe ndi mwezi womwe pakampanipo. Kapitawo anamunong'oneza podutsa.

"Ukatsegula pakamwa, ukagone kwanu."

Dalaivala anagwetsa nkhope. Mayiyo atafika pafupi, anaigwetsa kwambiri.

Mayiyo anazungulira thiraki. Anapisa chala m'mano a tayala lililonse. Anagwada n'kusuzumira kunsi, siketi ikutola girizi. Analamula dalaivala kuti aponde mabuleki. Mpweya unati fyuu. Apondenso. Fyuu.

"Ili bwino," mayiyo anatero.

Kapitawo anapumira m'mwamba. "Mwaona, mayi? Ife sitiseweretsa moyo wa munthu. Ndikuperekezeni kugeti."

"Ayi. Inyamuke ndikuona."

"Pepani?"

"Ndati ili bwino. Katundu ali pamsana. Ikudikira chiyani?"

"Dalaivala sanadye."

"Akadya panjira."

"Mafuta sitinathire."

"Mpope si uwo? Thirani."

Anakoka chigubu chopanda kanthu n'kukhala pakati pa geti penipeni. Chikwama pamiyendo. Dzuwa linakwera. Amakaniko anaima pakhomo pa galaja, majeke m'manja, akuyang'anana. Mmodzi anaseka n'kubisa nkhope m'malaya.

Kapitawo anayesa kunyengerera. Anayesa kuopseza. Anatchula dzina la mwini kampani, anatchulanso anthu akuluakulu amene mwini kampaniyo amamwa nawo tiyi.

"Aitaneni onsewo," mayiyo anatero. "Zigubu zilipo zambiri. Tikhala limodzi."

"Mayi, mukutchinga njira ya kampani."

"Ndichoka ikamadutsa yofiirayo. Ina iliyonse idutse pamwamba panga."

Foni ya kapitawo sinapume. Mwini simenti ankakalipa moti mawu ake ankamveka mpaka pageti. Katundu akapanda kuwoloka malire lero, ntchito aipereka kwa ena.

Kapitawo anayang'ana matayala. Anayang'ana mayiyo. Thukuta linatsika m'khosi. Kumuuza kuti matayalawo ndi ongovalira alendo sakanatha.

"Iwe!" anakuwira dalaivala. "Nyamuka! Matayalawo ukakawakhulitsa pamwala, undiona."

Injini inabangula. Mayiyo anakoka chigubu chake pambali. Thiraki inadutsa pang'onopang'ono, dalaivala maso ali patsogolo. Mayiyo anaiperekeza ndi maso mpaka inakhota pamsewu waukulu. Sanachokebe. Anadikira mpaka utsi wake utatheratu, nthawi yoibweza itadutsa.

Apo m'pamene galimoto yoyera ya nambala za boma inaima pageti. Munatuluka bambo wamtali, chiphaso chikulendewera pachifuwa. Anayang'ana mzere wa mathiraki otsalawo, onse madazi okhaokha.

"Ndine woyendera magalimoto watsopano. Kapitawo ndi ndani pano?"

"Ndine, bwana. Koma anzanu atiyendera kale. Si awa?"

"Anzanga ati? Ndatumidwa ndekha."

Kapitawo anatembenuka, kukamwa kuli yasa. Mayiyo anali akusasa fumbi pasiketi.

"Ine ndinakuuzani kuti ndine wa boma? Ndine mkazi wa dalaivala wapita uja. Akabwerako ndi miyendo yake yonse, mudzatenge matayala anu."