Mwendo wa Apongozi

Lachiwiri m'mawa, mphunzitsi wina wopuma pa ntchito anamutsegula mtsempha wamagazi umene unatsekeka ndi mafuta m'mwendo wamanzere. Sanamung'ambe. Analowetsa kapaipi kopyapyala m'mphechepeche mwa ntchafu, kokhala ndi kampeni kunsonga kopalira mafutawo.

Dokotala wake anali mkazi wa mwana wake. Ukwati wa awiriwo mkuluyu sanapiteko, ankati mtsikanayo ndi wonyada.

"Palibe wamwamuna?" mkuluyu ananong'oneza namwino amene ankamumeta.

"Wodziwa makinawa ndi mmodzi, aphunzitsi. Zala zanu zakuphazizi zayamba kuda, sizidikira."

Mpongoziyo atalowa, mkuluyu anatsinzina n'kuyamba kuliza mkonono.

"Bambo, mankhwalawa sagonetsa, amangochititsa dzanzi," anatero dokotalayo. "Mukamva kuwawa mundiuze."

Mkonono unakula.

Masana kuwodi, phazi litayamba kufunda, mkuluyu anauza abale amene anabwera kudzamuona: "Ine sindinaone kanthu, ndinagoneratu. Koma akuti anali bambo wina wamtali, waluso kwabasi."

Mwana wake anayang'ana pansi. Mpongoziyo anali kumiyendo kwa bedi, atagwira phazilo kuti amve kugunda kwa magazi.

"Zayendadi bwino, bambo," anatero. "Koma mwendo wamanja nawonso watsekeka. Tidzauchita pa 14 mwezi wamawa."

Mkuluyu anakoka bulangete mpaka m'khosi, maso ali kudenga.

"Adzakhala yemweyo?"

"Mukufuna wina?"

Dzina la mkuluyu lalembedwa kale pa tsikulo.