Phiri la Solveig

Kaputeni Eilert Brekke anali atafika pa nkhani ya zala zake. Anakweza dzanja lamanzere, lotsala ndi zala zitatu, anthu odzaza holo ya ku Bergen n'kuusa moyo pamodzi.

Mayi Ragnhild, ali pa benchi yakumbuyo, anangotsonya. Anthu a ku Norway, obadwira m'chisanu, kuchita kukhamukira munthu amene anawoloka nyanja zonse kukafuna chisanu china kumwera, kumathero a dziko! Nanga wabwerako ndi chiyani? Timiyala m'thumba, ndevu, ndi mano ogwedera.

"Koma abale, iyi ndiye ngwazi," ananong'ona mayi wina wonenepa amene anakhala naye pafupi.

"Ngwazi ya chiyani? Kumeneko kulibe munda, kulibe mudzi. Amakacheza ndi mbalame zosauluka."

"Nsanje imeneyo, amayi. Amuna anu anafikako kuti?"

"Kutali ndithu," anatero Ragnhild, maso ali kutsogolo.

Kaputeni anatsitsa mawu. Anasimba za mphepo yong'amba matenti, za sitima yofinyidwa ndi madzi oundana, za amuna andevu olira ngati makanda chakudya chitatha. Kenako anaonetsa chithunzi cha phiri loyera mbee, limene munthu anali asanalionepo.

"Ndinalitcha Phiri la Solveig," anatero. "Popanda Solveig sindikanabwerako wamoyo. Mpaka lero ndikatseka maso ndimaona nkhope yake."

Mipango inatuluka m'zikwama. Mayi wonenepa uja anamugunda Ragnhild ndi chigongono.

"Mwamva? Chikondi chake n'chimenecho! Mkazi wa bambo awa ndi wodala. Anga aja sangatche dzina langa ngakhale kabwato kobooka."

M'manja mutatha kuwombedwa, wapampando wa msonkhano anadzuka akumwetulira.

"Ndanong'onezedwa pakhomo kuti akazi awo a akaputeni ali nafe muno. Mayi Solveig, chonde imirirani, Bergen yonse ikuoneni!"

Makosi onse anatembenuka. Kumbuyo kuja Ragnhild anaimirira mosafulumira, n'kukonza chipewa chake.

"Akazi awo ndine, koma dzina langa ndi Ragnhild," anatero mokweza. "Solveig anali galu wawo wokoka katundu. Anamudya pobwerera."