Nkhope Yopita ku Canberra

Chithunzi chitaoneka pakhoma la chipinda cha msonkhano, Emelda Mhango anaika kapu ya khofi pansi.

Anali Chiukepo, wophunzira wake wakale, atanyamula mwala wofiira m'manja, akuseka mpaka mpata wa m'mano kuonekera.

"Nkhope iyi ndi imene tipite nayo ku likulu la dziko lino, ku Canberra, mawa," anatero mkulu wa yunivesite. "Nduna zikaiona zikamvetsa zimene thandizo la boma limabala. Dokotala Mhango, mnyamatayu ndi wa kwanu, eti? Ali kuti masiku ano?"

Boma litasiya kuthandiza kafukufuku wawo, Chiukepo anapita kukagwira ntchito kumigodi ya kumpoto kwa dziko lachilendoli. Kutchalitchi cha m'dera la Balga, Emelda ndiye anayambitsa nyimbo bokosi la maliro a mnyamatayo lisanakwezedwe ndege yopita kumudzi. Mwala wofiirawo unali ukadali pa desiki yake, poti mwini wake anati adzautenga akadzabwerera.

"Chithunzicho pitani nacho," anatero Emelda motsitsa mawu. "Koma pansi pakepo mulembe kuti malemu."

Pakhoma paja Chiukepo anapitiriza kuseka.