Wometa Tsitsi Amene Anasintha Babu

Panali munthu wina wometa tsitsi amene ankavutika ndi miyala m'kathumba ka ndulu. Kuchipatala anamuboola timabowo pamimba, kulowetsa kakamera, n'kuchotsa kathumbako. Opaleshoniyo inavuta chifukwa kathumbako kanali katatupa n'kumatirira kuchiwindi.

Bamboyo atatsitsimuka, adokotala anati, "Bambo, tavutika nako. Mukamva kutentha thupi, mimba ikatupa, kapena maso akachita chikasu, mubwere tsiku lomwelo." Iye anangogwedeza mutu, mankhwala ogonetsa asanamuthere.

Kunyumba linayamba kupweteka ndi phewa.

"Mayi a ana, aboola pamimba, nanga phewa lalakwanji?"

Mkazi wake anaimbira anamwino. Iwo anati ndi mpweya umene amapopera m'mimba pochita opaleshoni, utha wokha. Unathadi. Basi bamboyo anati zonse zotsatira ndi mpweya, n'kutsegula shopu mabala asanapole.

Kenako mimba inauma gwa, thupi kutentha. Mlamu wake anati ndi malungo. Apongozi anati ndi kudzimbidwa. Mkazi wake anati abwerere kuchipatala. Mutu unamuzungulira, osadziwa womvera.

Tsiku lina kunabwera kasitomala wachilendo. Atamva nkhaniyo anaseka.

"Achimwene, azakhali anga zinawachitikira zomwezo. Ndi thupi likufunafuna ndulu yake. Mukabwererako akakung'ambaninso. Ingomwani zopha ululu."

Mawu amenewa anamukomera wometayo. Madzulo ataona pagalasi maso ali chikasu, anayang'ana kudenga n'kunena kuti babu ndi lakale. Anagula lina. Maso anali chikasube. Anapukuta galasi. Chimodzimodzi.

"Bambo a ana, babu lingasinthenso mtundu wa mkodzo? Tiyeni kuchipatala!"

"Ndimalize kaye anthuwa."

Sanamalize. Anagwa makina ali m'manja, kasitomala mutu atametedwa mbali imodzi.

Mkazi wake anathamangira naye kuchipatala. Kumeneko madokotala anapeza kuti kanjira ka ndulu kanavulala pa opaleshoni ija, ndulu ikuchuchira m'mimba, ndipo m'kati munali mutayamba mafinya. Anamung'amba pamimba ponse.

Atadzuka anafunsa motsitsa mawu, "Adokotala, ndulu si munachotsa? Nanga yachuchayi ndi ya ndani?"

"Ndi yanu. Tinachotsa kathumba kosungira, koma chiwindi chikupangabe. Mukanabwera msanga, mwina sitikanang'amba. Mkazi wanu akanachedwa pang'ono, bwenzi tikunena zina."

Anagona m'chipatala nthawi yaitali, shopu ili chitsekere, makasitomala n'kuzolowera kwina. Mkazi wake anafunsa msika wonse za mlendo uja kuti amuonetse chilondacho. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ankamudziwa.

Phunziro: Bala laling'ono kunja silitanthauza kuti m'kati muli bwino. Dokotala akamalangiza, pakhale wachibale womvera nawo. Thupi likasintha pambuyo pa opaleshoni, musafunse mlamu kapena munthu wongokumana naye, bwererani kumene anakuchitani opaleshoniyo. Tumizirani ena uthengawu, mwina wina pakali pano akusintha babu.