Tsiku Limene Fiorenza Anatamandidwa

"Mayi, tamvani izi!" anafuula Osvaldo, mkulu wa nyumba ya zisudzo mumzinda wa Parma, akugwedeza nyuzipepala. "Akuti kulira kwanu dzulo, mawu akusasa ngati mtima ukung'ambika, ndi luso lomwe sanalimvepo chibadwire!"

Fiorenza anangomuyang'ana. Zaka zonse zomwe ankayimba mosalala m'zisudzo za nyimbo zotchedwa opera, atolankhani omwewa ankamunyoza kuti mawu ake ndi ozizira ngati mwala. Dzulo mtsempha wa kummero unaphulika ali pakati pa nyimbo, ndipo dokotala anamuuza mosabisa kuti sadzayimbanso.

Anatsegula pakamwa kuti afotokoze, koma panangotuluka mpweya.

"Iyayi, musalankhule, sungani mawu monga mumachitira oyimba nonse," anatero Osvaldo akuseka. "Loweruka mukalire chimodzimodzi. Matikiti atha kale."