Tsiku Lotsegula Bekari ya a Lyuben

"Mitengo ya buledi tisalembepo papepala lotsatsirali, amalume. Chithunzi chabwino sichikuwa," anatero Tsvetan, amene anali ataphunzira zojambula zotsatsira malonda kulikulu la dziko, ku Sofia, kwa miyezi isanu ndi itatu yathunthu.

Amalume akewo, a Lyuben, ankangofuna kuti anthu adziwe kuti bekari yawo itsegulidwanso Loweruka. "Nanga bulediyo mumujambula pati, aphunzitsi?"

"Buledi aliyense amamudziwa. Tikugulitsa nkhope yanu."

Pepala linatuluka loyera mbee: nkhope ya a Lyuben yosamwetulira, dzina pansi pake, tsiku ndi nthawi, mzere wakuda kuzungulira. Tsvetan anakalimata pamapolo a magetsi ndi pageti la tchalitchi, pomwe pamamatidwa zidziwitso za maliro, ati poti m'pamene maso a anthu amaima.

Loweruka anthu a mumsewu wonsewo anabwera, maluwa ali m'manja. A Lyuben anali kuseri, ku uvuni. Pakhomo panaima Tsvetan atavala zakuda zokhazokha, monga amavalira akatswiri a ku Sofia.

"Pepa, mwanawe," anatero mayi Donka a nyumba yoyandikana nayo, akutola chitumbuwa cha tchizi patebulo. "Mulungu awakhululukire."

Chakudya cha pamaliro salipira, ndiye aliyense anatola, ena ziwiri.

A Lyuben atatulukira ndi thireyi ina, mayi Donka anakuwa, kenako anapukuta pakamwa. "Ife talira kale, a Lyuben. Zadyedwazi sizibwerera."

A Lyuben anayang'ana matebulo opanda kanthu, kenako anamuyang'ana Tsvetan.

"Mwaona, amalume?" anatero Tsvetan. "Palibe wafunsa mtengo."